Mutu wa ba Njobvu m'manja mwanga

Lamulungu, sabata yoyamba ya holide ya Ogasiti, kwa amalume ku Chipata.

Ndakhala pakhonde la kuseri. Anandipatsa mtedza kuti ndiswe, koma zala zikukana, ndiye azakhali andilanda lichero n'kunena kuti ndipume. Mikono ikuwawa kuyambira m'mapewa mpaka m'zigongono. Ndilemba pang'onopang'ono, koma ndilemba zonse lero ndisanaiwale.

M'buku lino mukusowa tsamba limodzi. Ine amene sindilola ngakhale amayi kuligwira, dzulo ndinalola kuti ling'ambidwe pamsewu, anthu onse akuona. Tsambalo tsopano lili m'chipatala china chimene sindinafikeko.

Ndiyambe ndi fomu, chifukwa nayonso ili m'nkhaniyi. Kusukulu kwathu kuli kalabu yophunzitsa chithandizo choyamba kwa munthu wovulala. Watsopano aliyense amayamba ndi chinthu chimodzi: mnzake amagona pansi ngati wakomoka, iye n'kukuwa kuti, "Thandizeni!" Kenako aloze munthu mmodzi n'kumutuma, "Iwe wa juzi yofiira, itana ambulansi!" Madamu amene amatiphunzitsa amati ukangokuwira gulu, aliyense amaganiza kuti ukuuza mnzake. Ine ndinayesa teremu yatha. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka kamawu ngati ka mwanapiye. Wokomoka uja anaseka mpaka anadzuka, kalasi yonse n'kumutsatira. Fomu yolowera kalabu ndinaipinda kanayi n'kuibisa m'buku lino, ndipo sindinabwererekonso.

Tsopano ulendo.

Anti Beatrice, ang'ono awo a amayi, ndi namwino pa kiliniki ina ku Chelstone. Ali pa tchuthi, ndiye anavomera kundiperekeza kuno. Anagona kwathu ku Kabwata Lachisanu kuti tilawire limodzi. M'mawa amayi atanyamula chikwama chawo cha m'manja anachibweza pansi msanga.

"Beatrice, muli njerwa umu?"

"Muli zanga."

Amayi anasuzumira. Magolovesi, mabandeji, sizasi, katochi, ndi kawotchi kaja amapachika pachifuwa. "Uyenda ku holide kapena ku wodi?"

"Ngozi ilibe holide, ba sisi," anatero Anti akumanga duku.

Adadi anatiperekeza pa minibasi, tinafika kusiteshoni ya mabasi akuluakulu kusanache bwino. Anyamata oitanira anthu anatizinga. Wina anagwira chikwama changa, wina dzanja la Anti, aliyense akulumbira kuti basi yake "ichoka manje manje". Mtengo wa tikiti unali utakwera, ndipo Anti anakangana nawo pang'ono mwamwambo chabe, n'kulipira. Basi ya sikisi inanyamuka cha m'ma eyiti. Chotichedwetsa chinali sofa. Munthu wina ankatumiza sofa ku Sinda, ndipo inakana kulowa m'chipinda cha katundu cha pansi. Anailowetsa chamutu, inakana. Chammbali, inakana. Pomaliza anaichotsa miyendo.

Ine ndinakhala kuwindo, Anti pambali panga. Tsidya lina la kanjira kunali bambo wina wa suti ya bulauni ndi Baibulo la zipi. Anatipatsa moni n'kunena kuti ndi ba Daka, mkulu wa mpingo, akupita ku Katete. Kumbuyo kwathu kunali mayi wonenepa wa mawu aakulu, bana Kelvin, kutanthauza amake a Kelvin, amene amagulitsa nyemba ndi mtedza kumsika wa Soweto. Ankapita ku Petauke kukagula katundu. Tisanatuluke n'komwe mumzinda tinali titadziwa kale kuti Kelvin ndi waulesi, landilodi wawo ndi mfiti, ndipo bondo lawo lamanzere limalosera mvula.

Ba Daka anandifunsa dzina. Ndinayankha kuti Thandi.

"Ati bwanji?"

"Thandi," anandiyankhira Anti.

"Mwana uyu akambira m'mimba," anatero ba Daka mokoma mtima, n'kundipatsa mbatata yophika.

Kenako anaimirira kuti apempherere ulendo. Anayamba tili pa Manda Hill. Anapempherera dalaivala, matayala, mabuleki, boma, odwala, ndi ana osamvera makolo, pomwe bana Kelvin anati "Ameni!" mwamphamvu. Pamene ankatsiriza tinali tikudutsa thanki ya madzi ya ku Chelstone. Anti anandigwira pabondo n'kuloza.

"Ona, nyumba yanga ili kuseri uko. Ndinachoka dzulo kuti ndidzaidutse lero."

Ku Chongwe tinaima pa rodibuloko, apolisi anayang'ana mapepala, azimayi anakweza mabeseni a nthochi ndi chimanga chootcha kumawindo. Ndinkafuna chimanga koma ndinachita manyazi kuitana, mpaka basi inanyamuka. Titadutsa Rufunsa msewu unayamba kukwera ndi kutsika m'mapiri, makutu anga akutsekeka. Anthu ambiri anagona. Ndinatulutsa buku kuti ndilembe za sofa ija.

Ndipamene basi inagwira mabuleki mwadzidzidzi. Cholembera chinandipulumuka, bana Kelvin anagunda mpando wanga ndi chipumi n'kuitana Yesu.

Tinali pamtsetse, pokhota. Pamsewu panali patamwazika makala, amene ku Lusaka timati malasha, ndipo njinga inali chagada, tayala lakutsogolo likuzungulirabe. Munthu anali m'ngalande, chagada nayenso. Dalaivala anati anamuona akutsika ndi matumba atatu. Njingayo inalibe mabuleki, ankaimitsa popondereza tayala ndi nkhwaira, monga amachitira ambiri onyamula malasha. Lamba wa nkhwairayo anaduka.

Anthu anathamangira kuchitseko. Anti anaimirira ndi chikwama chawo, ndipo mawu amene anatuluka sindinawamvepo kunyumba.

"Ndine namwino. Ba dalaiva, chotsani basi pa kona, muimike kutsogolo uko, muyatse mahazadi. Ba kondakita, thyolani nthambi, muike pamsewu kumtunda na kumunsi, patali. Aliyense achoke pa tala!"

Wina anang'ung'udza kumbuyo, "Nesi wa bwanji uyu? Munthu akufa, iye afuna masamba."

Sipanapite mphindi zitatu, thiraki yaikulu inatulukira pakona paja, inaona nthambi n'kuchepetsa liwiro, n'kudutsa pamalo enieni pomwe anthu anali ataima poyamba. Wong'ung'udza uja sanamvekenso.

Ine ndinatsatira Anti chifukwa sindinadziwe kwina koima. Anavala magolovesi akuyenda. Anafikira munthuyo kutsogolo, kumene maso ake ankayang'ana, kuti asatembenuze mutu powafuna.

"Atate, ndine namwino. Musagwedeze mutu, yankhani na pakamwa chabe. Ndimwe ndani?"

"Njobvu," anabuula. "Njinga yanga ili bwanji?"

"Ngati afunsa njinga ndiye kuti apuma bwino," anatero Anti, anthu n'kuseka pang'ono.

Koma mwendo wamanja unali utang'ambika pansi pa bondo, magazi akutuluka ambiri. Anti anadula buluku ndi sizasi, anaika bandeji n'kukanikiza ndi manja onse awiri. Akukanikiza choncho anafunsa pomwe pakupweteka. Ba Njobvu anati khosi, kumbuyo, ndipo zala za m'manja zikuchita dzanzi. Ndinaona nkhope ya Anti ikusintha. Anakweza maso n'kuyang'ana gulu lonse. Amuna ankalankhula onse nthawi imodzi, wina akujambula ndi foni. Maso a Anti anaima pa ine.

"Thandi, bwera. Gwada kumutu kwawo."

"Ine?"

"Iwe. Ukauzidwa kukhala phee umakhaladi phee. Ika zigongono pansi. Manja uku ndi uku, usatseke makutu. Usakoke, usawongole, ungogwira mmene ulili."

Ndinagwada m'fumbi. Mutu wa ba Njobvu unali wofunda, wa thukuta, tsitsi lodzaza fumbi la makala. Sindinagwirepo mutu wa munthu wamkulu chibadwire.

"Tamvera," anatero Anti motsitsa mawu. "Mwina fupa la m'khosi lathyoka. Likasuntha likhoza kudula mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo bambowa sadzayendanso. Usasiye mpaka ine ndekha ndikuuze. Ngakhale abwere abusa."

Ndinavomera ndi mutu wanga, manja osasuntha.

Magazi anadutsa bandeji yoyamba. Anti sanaichotse, anapempha nsalu yoyera bwino yoika pamwamba. Bana Kelvin anatsegula chikwama n'kutulutsa chitenje chatsopano, chikadali ndi pepala la kusitolo.

"Nachigula dzulo ichi, sininavaleko," anadandaula, koma anali akuchipinda kale.

Anti anamanga mwamphamvu, magazi anachepa. Anayang'ana chifuwa mmene chikukwerera, anawunika m'maso ndi katochi, anagwira pamkono akuyang'ana kawotchi, anawauza ba Njobvu kuti agwedeze zala zakumapazi. Zinagwedera. Kenako anasowa polemba.

"Ndani ali na pepala?"

Panalibe. Wina anapereka tikiti ya basi, inali yaing'ono. Ine ndinkadziwa pomwe pali pepala.

"M'chikwama changa muli buku," ndinatero. "Ng'ambani pakati."

Anti anandiyang'ana kaye, chifukwa amalidziwa bukuli ndi malamulo ake. Anatsegula pakati penipeni osawerenga kalikonse, n'kung'amba tsamba limodzi. Fomu ija inagwa pansi. Anaitola, anaiyang'ana kamphindi, n'kuiika m'thumba la siketi. Patsambalo analemba nthawi, kugunda kwa mtima, kapumidwe, ndi zonse anaona.

Vuto linali foni. M'chigwa muja munalibe netiweki ngakhale ya kampani imodzi. Kondakitala anati pamwamba pa chulu china, kumtunda kwa msewu, pamagwira pang'ono. Anti anati apita okha, chifukwa achipatala akafunsa mafunso amene wina sangayankhe, ndipo akapanda kumva za khosi akhoza kubwera opanda zipangizo zake. Anapatsa bana Kelvin magolovesi ena n'kuwaonetsa pokanikiza.

"Musam'patse chakumwa, musamusunthe. Nibwela manje manje."

Ndinawaona akukwera mtunda ndi nsapato zawo za kutchalitchi, mpaka anabisika kuseri kwa mitengo.

Dzuwa linali pamutu. Linkawomba ba Njobvu kumaso, iwo akutsinzina, milomo itauma. Anayamba kudandaula ludzu. Apa ndi pomwe ba Daka anatsika m'ngalande ndi botolo la maheu, amuna awiri ali pambuyo pawo.

Ndikufuna kulemba bwino apa, chifukwa ba Daka si munthu woipa. Nkhope yawo inali ya chisoni chenicheni.

"Munthu sangagone padzuwa monga galu," anatero. "Tiyeni timunyamule, timukhazike pansi pa mtengo uja, amweko maheu mphamvu zibwele. Kwathu munthu akagwa timamuimika msanga, magazi asagone. Ngati ni khosi, timakoka kamodzi chabe, limabwelela pamalo."

"Eee, nikhaleko tsonga," anavomereza ba Njobvu. "Msana wapya na miyala."

Bana Kelvin anayang'ana kumtunda kumene Anti anapita, n'kuyang'ana ba Daka. "Ba Sista anakana," anatero, koma mawu awo aakulu aja anali atachepa. Mkulu wa mpingo ndi mkulu wa mpingo.

"Ba Sista adziwa za m'chipatala," anatero ba Daka. "Kuno ni kuthengo. Gwirani uko, imwe."

Ndinati, "Ayi." Ndikudziwa kuti ndinanena, chifukwa ndinamva milomo ikuyenda. Palibe anamva. Mwanapiye uja anali atabweranso.

Mwamuna mmodzi anagwira miyendo. Winayo anawerama n'kulowetsa manja pansi pa mapewa a ba Njobvu. Ndinamva m'zikhato mwanga mutu ukufuna kutsatira mapewawo. Pang'ono chabe, ngati dzira likayamba kugubuduka patebulo.

"MUSAWANYAMULE! CHOTSANI MANJA!"

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Anamveka mpaka kubasi. Mwamuna wa kumapewa anachotsa manja ngati wagwira mbaula. Wojambula uja anatsitsa foni. Kunangoti zii, kumveka njiwa yokha kutali.

Ba Daka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe mwana, ukamba na ine?"

Misozi inayamba kutsika, ndipo ndinalibe dzanja loipukutira. Sindinakuwirepo munthu wamkulu. Amayi akanamva akanakomoka.

"Pepani, atate," ndinatero, mawu akunjenjemera koma akumveka. "Mwina fupa la m'khosi lathyoka. Mukawanyamula kapena kukoka, sadzayendanso. Maheu angawatsamwe ali chigonere, ndipo mwina kuchipatala akafuna opaleshoni. Anti anati ndisasiye, ngakhale abwere abusa."

Bana Kelvin anaphulika kuseka. "Mwamvela, ba Elda? Ngakhale abusa! Imwe simunafike na pa ubusa!"

Gulu lonse linaseka, ngakhale ba Njobvu anayamba kuseka, ine n'kuwauza kuti asaseke chifukwa mutu ukugwedera. Ba Daka anaima ndi botolo lawo m'manja. Ndinkaopa kuti akwiya. Anayang'ana ba Njobvu, anayang'ana manja anga, n'kupuma mozama.

"Nanga dzuwa ili?" anafunsa, ndipo ankafunsa ine.

Apa ndinakumbukira Madamu. Osakuwira gulu, loza mmodzi. Ndinalibe chala cholozera, ndiye ndinaloza ndi maso.

"Inu amayi a duku lobiriwira, ndi inu a malaya a mizere, chonde gwirani chitenje pamwamba pawo. Mthunzi ubwere kuno."

Anabwera! Anthu akuluakulu awiri, mmodzi wa imvi, anamasula chitenje n'kuchitambasula pamwamba pathu ngati denga. Ba Daka ananyowetsa kampango kawo ndi madzi n'kupukuta milomo ya ba Njobvu, atandifunsa kaye ngati zimenezo n'zololedwa. Ndinati ndikuganiza kuti n'zololedwa, bola asamwe.

Anti atabwera anapeza zili choncho. Anali ndi minga m'siketi, akupuma mwamphamvu.

"Ndamva mawu ndili pachulu," anatero. "Anakuwa ndani?"

"Ni ka Sista aka," anatero bana Kelvin. "Kanatsala pang'ono kugwetsa ba Elda."

Anti anagwada, anaona mwendo, anagwira pamkono, analemba patsamba lija. Koma podutsa anandigunda pang'ono ndi phewa.

Ambulansi inali kuchokera kuchipatala cha mishoni, ndipo anati tidikire. Tinadikira ola limodzi ndi theka.

Kudikira kumeneko ndi kumene sindidzaiwala. Dalaivala anabwera kawiri kudzanena kuti nthawi yatha, abwana ake amukalipira. Anti anati iye akhoza kupita, koma iwo sasiya wodwala asanamupereke m'manja mwa namwino mnzawo. Bana Kelvin anati basi ikanyamuka iwo agona kutsogolo kwa matayala, ndipo dalaivala atawayang'ana kukula kwake anabwerera kukakhala pamthunzi. Anyamata ena anatola makala onse n'kuwabwezera m'matumba. Kondakitala anakankha njinga kukaisungitsa panyumba ina yapafupi, n'kubwera ndi mnyamata wa pamenepo amene anathamanga kukauza akazi a ba Njobvu.

Ba Njobvu anayamba kunjenjemera ngakhale kunali kotentha. Anti anati munthu wotaya magazi amazizidwa, afunditsidwe. Ba Daka anavula jekete la suti n'kuwafunditsa okha, osasamala makala. Anti anasankhanso anthu atatu n'kuwauza pogwira ngati ba Njobvu atafuna kusanza, kuti tiwatembenuze thupi lonse pamodzi ngati chipika, mutu ndi msana zili mzere umodzi. Mwamwayi sanasanze.

Ntchito yanga ina inali yowalankhulitsa, kuti tidziwe ngati ayamba kusokonezeka. Ine, wolankhulitsa munthu! Ndinayamba ndi funso la njinga, poti ndi limene ankalikonda. Anandiuza kuti anaigula chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa, ndipo mwanayo, Esnati, ali giredi seveni. Amafuna kudzakhala mphunzitsi. Matumba atatu aja anali oti agulitse kuti amugulire nsapato za kusukulu.

"Mabuleki munalekeranji kukonza?" anafunsa bana Kelvin.

"Nkhwaila inali kugwila bwino, amayi."

"Yagwila bwino lelo?"

"Musaniseketse, ka Sista kazanikalipila."

Miyendo yanga inafa dzanzi. Nyerere zinakwera m'sokosi. Mphuno inayamba kuyabwa, ndipo ndinapirira mpaka misozi, kenako ndinanena mokweza kuti, "Chonde wina andikande mphuno." Anandikanda ndi ba Daka, ndi ngodya ya kampango, mosamala ngati akufufuta cholakwa m'kaundula wa mpingo. Maheu aja anamwa okha.

Ambulansi itafika munatuluka namwino wachimuna ndi dalaivala. Anti anawauza zonse mwachidule, mwadongosolo: chimene chinachitika, nthawi yake, chimene anapeza, chimene anachita, ndi mmene kugunda kwa mtima kwayendera. Anapereka tsamba langa. Namwinoyo analiwerenga n'kugwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti kumbuyo kwake kuli kaduwa kamene ndinajambula pakona mwezi watha. Anaveka ba Njobvu kolala yolimba ya m'khosi, manja anga akadali pomwepo, n'kubweretsa thabwa lalitali.

"Amene wagwira mutu ndiye amawerenga," anatero namwinoyo. "Tonse timvera iwe. Mokweza."

Amuna anayi ndi anamwino awiri anandiyang'ana.

"Wani, thu, fili!"

Anatembenuka onse pamodzi, thabwa linalowa, ndinawerenganso, anawagoneka. Atamanga malamba ndi kuika zotchinga mutu uku ndi uku, Anti anati, "Thandi, siya tsopano."

Zala zinakana kutseguka. Anti anazitsegula chimodzichimodzi. Kuimirira kunandikanikanso, anandidzutsa ndi bana Kelvin ngati thumba la nyemba. Ba Njobvu akulowetsedwa m'galimoto anakuwa kuti, "Ka Sista! Uuze Esnati njinga ili pa nyumba ya malata!" ngati kuti ine ndi Esnati timadziwana. Akazi awo anafika akuthamanga, mwana kumbuyo, n'kukwera nawo.

Ulendo wotsala unali ngati wa anthu a banja limodzi. Pa Luangwa Bridge, pomwe mabasi amaima kuti anthu adye, ba Daka anandigulira nsomba yokazinga yaikulu kuposa mbale, ndipo anakana kumva zoti ndakhuta. Anali ndi shati yokha, jekete atalipinda mbali yakuda ili mkati. Anauza mayi wogulitsa nsomba nkhani yonse, ndipo m'kafotokozedwe kawo mawu anga anagwedeza mapiri. Zala zinali zisanamasuke bwino, moti minga anandichotsera ndi Anti.

Titawoloka mlatho ndinafunsa Anti ngati sanachite mantha.

"Kwambiri," anatero. "Kukiliniki ndili ndi magetsi, bedi, mankhwala, anzanga, ndi dokotala pafoni. Pamsewu uli ndi mutu wako, manja ako, ndi pakamwa pako. Kumanga bala aliyense angaphunzire sabata imodzi. Koma anthu amene amavulaza wodwala pamsewu nthawi zambiri ndi omwe amamukonda, ofuna kuthandiza. Kuwaletsa osawanyoza, n'kuwapatsa ntchito ina yoti agwire, imeneyo ndiye ntchito yovuta. Ine ndinayamba kuitha nditagwira kale ntchito zaka."

"Ndinakuwira munthu wamkulu," ndinatero.

"Unapepesa?"

"Ee."

"Unasiya mutu?"

"Ayi."

"Ndiye idya nthochi." Tinali titafika ku Nyimba, ndipo nthochi zinali kale pawindo. Ndinaitana ndekha mayi wogulitsayo. Anamva ulendo woyamba.

Bana Kelvin anatsika ku Petauke akudandaula za chitenje chawo, kenako anabwerera kudzandipsompsona pachipumi n'kunena kuti ndikapite ku Soweto akandipatse nyemba. Sofa inatsika ku Sinda, koma miyendo yake inapezeka itatu. Ba Daka anatsika ku Katete. Anagwira dzanja la Anti ndi manja awiri, kenako langa.

"Ine nakoka makosi a anthu awiri pa umoyo wanga," anatero motsitsa. "Mulungu anali nane chabe. Sinizakokanso."

Tinafika ku Chipata kutada, amalume atadikira mpaka kutopa. Ndinagona osasamba n'komwe bwino. Makala ena akadali m'zikhadabo.

Lero titabwera kutchalitchi foni ya Anti inalira. Anali namwino wa ambulansi uja. Ndinaima pakhomo ndikumvetsera. Anti ankangoti, "Ee. Ee. Chabwino." Atatseka anandiyang'ana nthawi yaitali dala, mpaka ndinati, "Anti, chonde!"

Fupa limodzi la m'khosi linang'aluka ndithu. Koma silinasunthe, mtsempha uja sunakhudzidwe. Awatumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka, adzavala kolala kwa nthawi, ndipo madokotala akuyembekeza kuti adzayenda. Zala zakumapazi zikugwedera. Ati m'mawa uno afunsa anamwino atatu osiyana za njinga.

Ndinalowa m'bafa n'kulira pang'ono, kulira kokoma.

Pachakudya chamasana ndinapeza kapepala kopinda kanayi pambali pa mbale yanga. Anti anali akuthira madzi m'kapu, osandiyang'ana.

"Kanagwa dzulo," anatero. "Pamafunika siginecha ya kholo kapena womuyang'anira. Ndasaina kale. Pa dzina ndasiya."

Fomuyo ili pano pabondo langa. Mantha sanathe, ndisanamizire. Ndikaganiza za kalasi ija, ndi wokomoka woseka uja, ndimafuna kuibisanso m'buku. Dzulo ndinakuwa chifukwa mutu wa munthu unali m'manja mwanga, ndipo sindikudziwa ngati mawuwo adzabweranso popanda ngalande ndi magazi.

Kuseri kwa nyumba ya amalume kuli munda umene anakolola kale, ndipo kumapeto kwake kuli chulu. Mawa m'mawa, ndisanamwe tiyi, ndipita kukaima pamenepo. Ndawachenjeza kale azakhali kuti asadzidzimuke. Ndikakuwa "Thandizeni!" katatu, ndipo Anti akakhala kukhitchini, chitseko chotseka. Akandimva, ndibwera kudzalemba dzina langa pafomu.